Amalume, Ndikamaliza Biochemistry Ndidzakhala Ndani?

Mwana wa achemwali anga anakhoza bwino MSCE, makamaka chemistry ndi biology. Tsiku lina madzulo tili pakhonde anandifunsa kuti, "Amalume, aphunzitsi athu ankati ine ndikuyenera biochemistry. Koma amayi akufunsa kuti ndikamaliza ndidzakhala ndani, dokotala kapena wopereka mankhwala? Ine ndasowa chowayankha." Mayi ake anali chapomwepo akusankha nyemba m'lichero, maso ali pa nyemba koma khutu lili kwa ife. Funso lawo silinali lachibwana ayi. Ndi iwowo amene adzagulitse mtedza ndi soya kuti fizi ipezeke, choncho ayenera kudziwa kumene thukuta lawo likupita.

Ndinayambira pa thobwa, poti m'nyumba imeneyo salisowa.

Mayi akaphika phala la thobwa sathira chimera nthawi yomweyo. Amaliphula, n'kulisiya lipoleko mpaka chala chizipirira, ndiye n'kuthira chimera cha mawere kapena cha mapira, n'kuvundula. Pakapita kanthawi, phala lomwe linali lolimba lija limayamba kusungunuka ndi kutsekemera, chonsecho palibe wathiramo shuga. Chachitika n'chiyani? Mbewu ikamamera imapanga enzyme, kanthu kofulumizitsa ntchito za m'thupi la chamoyo, yotchedwa amylase. Ntchito yake ndi kudula sitachi, amene kwenikweni ndi tizidutswa ta shuga tolumikizana ngati mkanda wautali. Mkandawo ukaduka, phala limapyapyala ndipo lilime limayamba kumva shuga. Nanga n'chifukwa chiyani amadikira kuti phala lipole? Enzyme ndi puloteni, ndipo puloteni ikapsa imauma ngati dzira m'madzi owira, osagwiranso ntchito. Mukathira chimera m'phala lobwata, thobwa lake silikoma. Agogo athu ankadziwa zimenezi ndi manja awo. Wa biochemistry amafuna kudziwanso chifukwa chake, kutentha kwake kwenikweni ndi madigiri angati, ndiponso kuti enzyme imeneyi ndi yooneka bwanji kuti izitha kudula sitachi koma osadula mafuta.

Phunziroli linakula kuchokera pa funso la mowa. Kalelo akatswiri ankakhulupirira kuti shuga sangasanduke mowa popanda yisiti wamoyo. Mu 1897, Eduard Buchner wa ku Germany anapera yisiti mpaka maselo ake kuphwanyika, n'kufinya madzi ake, ndipo madziwo paokha anasasitsa shuga. Zinaoneka kuti ntchito za m'thupi la chamoyo zimagwiridwa ndi tinthu toti munthu angatitulutse, kutiika m'botolo ndi kutiyeza. Anamupatsa mphoto ya Nobel mu 1907. Biochemistry ndi imeneyo: kufufuza mapuloteni, shuga, mafuta ndi DNA, mmene zimapangidwira m'maselo, mmene zimagwirira ntchito, ndi chimene chimalakwika munthu, chiweto kapena mbewu ikadwala.

Anzathu a ku Nkhata Bay akamavuwika chinangwa chowawa m'madzi masiku angapo asanachiyanike kuti apange ufa wa kondowole, nawonso akuchita zomwezi. M'chinangwa muli mankhwala achilengedwe otchedwa linamarin, ndipo mulinso enzyme imene imamuphwanya n'kutulutsa cyanide, poizoni wakupha. Kuvuwika kumapatsa mpata enzyme ija kuti imalize ntchito yake chinangwa chisanafike m'mimba, poizoniyo n'kutuluka. Mu 1981 ku Nampula, m'dziko la Mozambique, chilala chinachititsa anthu kudya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, ndipo anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo ndi matenda otchedwa konzo. Kuti zidziwike kuti wolakwa ndi chinangwa, osati matenda opatsirana, panafunika anthu oyeza magazi ndi mikodzo ya odwalawo.

Mtsikanayo anamvetsera, koma ndinaona kuti akufuna nkhani ya kuchipatala. Ndiye ndinamufotokozera ya chloroquine, imene ine ndimaikonda kwambiri chifukwa mbali yake yaikulu inachitikira kwathu konkuno.

Kachilombo ka malungo kakalowa m'maselo ofiira a magazi kamadya haemoglobin, puloteni yonyamula mpweya m'magazi. Pakudyapo pamatsala heme, amene ndi poizoni kwa kachilomboko, choncho kamamuunjika n'kumuumitsa kuti asakavulaze. Chloroquine amalepheretsa kuumitsako, ndipo kachilombo kamafa ndi zinyalala zake zomwe. Kwa zaka zambiri mankhwalawa ankachiza bwino ndiponso anali otchipa. Kenako anayamba kulephera, ana n'kumafa atamwa mankhwala. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo, n'kutenga SP, amene ambiri timamudziwa kuti Fansidar. Mu 2000 ofufuza anapeza gwero la vutolo: puloteni ina ya kachilomboko, yotchedwa PfCRT, inali itasintha, makamaka pa kachidutswa kake ka nambala 76, ndipo inayamba kutaya mankhwalawo kunja asanagwire ntchito. Chodabwitsa chinadza pambuyo pake. Chloroquine atachoka m'zipatala zathu, tizilombo tosinthika tija tinayamba kuchepa, poti popanda mankhwalawo timagonja kwa tinzake. Kafukufuku amene anachitika pa ana ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2006, anapeza kuti chloroquine anachiza 99 mwa odwala 100 alionse. Izi sizinatanthauze kuti tibwerere ku mankhwala akalewo, pakuti m'maiko oyandikana nafe tizilombo tosamva mankhwala tinali tikadalipo, ndipo kuyambira 2007 tikugwiritsa ntchito LA. Koma dziko lonse lapansi linaphunzira kuchokera ku magazi a ana a ku Blantyre kuti kusamva mankhwala kungathe kubwerera m'mbuyo.

Ngakhale kachipangizo koyezera malungo kamene amakubaya nako chala kuchipatala chaching'ono kakuimira pa phunziro lomweli. Tambiri mwa tizipangizoti timafunafuna puloteni ya kachilombo yotchedwa HRP2. Tsopano m'maiko ena, monga Peru ndi Eritrea, kwapezeka tizilombo tosapanga puloteni imeneyi, moti munthu amadwala malungo koma kachipangizo n'kunena kuti alibe. Payenera kukhala anthu athu amene akuyang'anira ngati zoterezi zafika kuno. Sitingadikire kuti wina wochokera kutali adzatiuze.

Apa achemwali anaika lichero pansi. "Achimwene, zonsezo tamva, ndipo n'zabwino. Koma ntchito yake ndi iti? Malipiro amalandira kuti?"

Yankho loona ndi ili: digiri yoyamba ya biochemistry siibwera ndi dzina la ntchito. Wophunzira unamwino amatuluka ali namwino. Wophunzira za mankhwala amatuluka ali pharmacist, n'kukalembetsa ku bungwe loona za mankhwala la PMRA. Wophunzira udokotala amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Koma wa biochemistry amatuluka ndi nzeru zimene zimafunika m'malo ambiri, popanda ofesi imene ikumudikira ndi mpando wolembedwa dzina lake. Si dokotala, salemba mankhwala, saona odwala. Makolo ambiri amazindikira zimenezi mwana atavala kale gauni, ndipo zimawawa. Ndaonapo achinyamata anzeru kwambiri atakhala pakhomo zaka ziwiri, akuyenda ndi envelopu ya khaki, osati chifukwa analephera, koma chifukwa panalibe wowauza pachiyambi kuti digiriyi imafuna kuti mwini wake asankhe msanga khomo loti adzalowere.

Khomo limene ambiri amaliganizira ndi labu ya kuchipatala, kumene amayeza shuga m'magazi, mmene impso ndi chiwindi zikugwirira ntchito, kapena kuchuluka kwa HIV mwa munthu amene akumwa ma ARV. Zoyeza zonsezi ndi biochemistry yeniyeni. Komabe ntchito yoyeza magazi a odwala ili ndi maphunziro akeake a Medical Laboratory Sciences ndi kalembera wake. Ngati mtima wa mwana uli pamenepo, ndi bwino angolunjika maphunziro amenewo, kusiyana n'kuzungulira.

Khomo lachiwiri ndi kafukufuku, ndipo ndi limene phunziroli linamangidwira. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, imene inayamba mu 1995 ndipo ili pa chipatala cha Queen Elizabeth. Ku Lilongwe kuli UNC Project pafupi ndi Kamuzu Central Hospital. Pa zaulimi pali Chitedze, Bvumbwe ndi malo ena ofufuzira. Munthu amayamba ngati intern kapena wothandizira kafukufuku, kenako amafuna sikolashipu ya masters, chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako PhD, zaka zitatu mpaka zisanu. Mukawonkhetsa ndi zaka zinayi za digiri yoyamba, mupeza kuti anzake a ku sekondale amanga kale nyumba iye akadali wophunzira. Ndipo ntchito zambiri za kafukufuku ndi za kontirakiti: thandizo la ndalama likatha, pulojekiti imatha. Walira mvula walira matope. Koma njira zilipo, ndipo si zonse zopita ku Ulaya. Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Palinso masikolashipu a Commonwealth ndi a bungwe la DAAD la ku Germany. Ku University of Ghana kuli WACCBIP, malo amene amaphunzitsa Aafirika za maselo ndi tizilombo toyambitsa matenda mpaka PhD, ndipo mayunivesite a ku Cape Town, Stellenbosch ndi Johannesburg ali ndi ma labu amphamvu. Kumbukirani kuti mtundu wa Omicron wa COVID-19 unazindikiridwa koyamba mu November 2021 ndi asayansi a ku Botswana ndi South Africa, mmodzi mwa iwo Sikhulile Moyo, wobadwira ku Zimbabwe.

Khomo lachitatu anthu amalinyoza, koma ine ndimaliona kuti ndi limene dziko lathu likulifuna mwamsanga: kuyeza ubwino wa zakudya ndi zinthu za m'mafakitale. Fakitale ya shuga, ya mkaka, ya mowa, ya mafuta ophikira, ya chiponde cha ana onyentchera, bungwe la madzi, Malawi Bureau of Standards, onsewa ali ndi ma labu. Shuga wa m'sitolo amathiramo vitamini A, mchere amathiramo ayodini, ndipo wina ayenera kutsimikiza kuti zimene zalembedwa pa paketi zilimodi.

Mtedza ndiye nkhani yaikulu. Mu 1960 ku England nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Atafufuza anapeza poizoni wopangidwa ndi chuku chotchedwa Aspergillus flavus, n'kumutcha aflatoxin. Poizoniyu alibe fungo loti munthu angamuzindikire nalo, saphedwa ndi kuphika kapena kukazinga kwa pakhomo, ndipo akamadyedwa kwa nthawi yaitali amayambitsa khansa ya chiwindi. Amapezeka mu mtedza ndi m'chimanga chosauma bwino. Maiko a European Union salola mtedza woti anthu adye kupitirira mamaikulogalamu 4 a aflatoxin pa kilogalamu. Kuti mumvetse kuchepa kwake, ndi ngati kasupuni kamodzi ka tiyi m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Diso silingaone zimenezo. Mlimi wa ku Mchinji kapena ku Kasungu angalime mtedza wokongola chotani, koma popanda woyeza wodalirika msika wa kunja sutseguka, ndipo choipa kwambiri n'chakuti mtedza wokanidwawo sutayidwa. Umabwerera pamsika wathu, timausinja n'kutendera ndiwo, kapena kuthira m'phala la mwana. Zimenezi zimandipweteka mtima, ndipo ndikamva wina akuti ntchito ya mu labu ya fakitale ndi ya olephera kupita kunja, ndimamutsutsa.

Ena amakaphunzitsa, ndipo mphunzitsi wa chemistry wodziwa zinthu ndi dalitso pa sukulu. Ena amagulitsa ndi kukonza makina a mu labu. Palinso njira yatsopano ya pa kompyuta, yotchedwa bioinformatics, yosanthula DNA ndi mapuloteni pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga Python ndi R. Mphoto ya Nobel ya chemistry ya 2024 inapita kwa David Baker, Demis Hassabis ndi John Jumper chifukwa cha ntchito yolosera ndi kupanga maonekedwe a mapuloteni pa kompyuta. Kwa mwana wa kuno njira imeneyi ili ndi ubwino umodzi waukulu: laputopu ndi intaneti n'zosavuta kupeza kuyerekeza ndi makina a mu labu.

Ndinafunanso kuti mtsikanayo adziwe mmene tsiku la mu labu limakhalira, chifukwa ambiri amakopeka ndi chovala choyera chija. Umafika m'mawa, kuvala magolovesi, n'kutenga pipette, kachipangizo konga cholembera kotungira timadzi. Ukutunga maikulolita imodzi kapena ziwiri, kutanthauza dontho limodzi la madzi utaligawa pafupifupi ka 50. Timachubu tilipo 96, tonse tofanana, ndipo uyenera kukumbukira kamene wathira ndi kamene sunathire. Wina akakulankhulitsa pakati, ukhoza kuwononga ntchito ya sabata yathunthu. Ukamaliza umaika m'makina n'kudikira maola awiri kapena atatu. Nthawi zambiri zotsatira sizituluka monga unayembekezera, ndipo umabwerera m'kope lako kufufuza pamene pasokonekera: kodi ndi madzi, ndi kutentha, kapena enzyme inafooka pa ulendo wake wochokera kunja? Mawa umayambiranso.

Ndipo kwathu kuno pali mavuto ena amene mabuku satchula. Pamalo pena pamene ndinagwirapo ntchito, magetsi anazima usiku wa Loweruka, jenereta n'kukana kulira. M'filiji yathu yozizira madigiri 80 pansi pa ziro munali magazi amene anamwino anatolera kwa miyezi yambiri, kuchokera kwa amayi amene anayenda mitunda italiitali kudzapereka. Tinathamanga ndi mabokosi oziziritsira pakati pa usiku kupita nawo ku labu ina, tochi ya foni ili kukamwa, manja akuwawa ndi kuzizira. Ambiri tinawapulumutsa, ena anawonongeka. Palinso mankhwala oyezera amene umaitanitsa lero n'kufika patapita miyezi itatu chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Munthu wopsa mtima msanga, kapena wofuna kuona zipatso za ntchito yake tsiku lomwelo, ntchito imeneyi imamudwalitsa.

Kudikira kumeneku si kwa ife tokha. Katalin Karikó, wa biochemistry wochokera ku Hungary, anapita ku America mu 1985 ndipo anakakamira kufufuza za mRNA, uthenga umene umauza maselo puloteni yoti apange, pamene opereka ndalama sankaona phindu lake. Mu 1995 anatsitsidwa paudindo chifukwa chosowa thandizo la kafukufuku. Mu 2005 iye ndi Drew Weissman anapeza njira yosinthira mRNA kuti thupi lisalimbane nayo, koma ndi ochepa amene analabadira. Patapita zaka 15, ntchito imeneyo ndi imene inakhala maziko a katemera wa COVID-19 wa Pfizer-BioNTech ndi wa Moderna, ndipo awiriwa analandira Nobel mu 2023. Sindinamuuze nkhaniyi mtsikanayo kuti aziyembekezera mphoto, pakuti ofufuza ambiri amakalamba osatchuka. Ndinafuna aone kutalika kwa nthawi imene ntchito yotere imatenga.

Za kolowera, ndinamuuza kuti asamangoyang'ana dzina lakuti biochemistry pa mndandanda wa maphunziro. Phunziroli limabisala m'madigiri osiyanasiyana. Ku KUHeS, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, lili m'maphunziro a labu ndi a mankhwala. Ku University of Malawi ku Zomba munthu amalifikira kudzera ku chemistry ndi biology. Ku LUANAR lili m'maphunziro a zakudya, kadyedwe ndi biotechnology. Ku MUST ku Thyolo ndi ku Mzuzu University kulinso maphunziro a sayansi ya zaumoyo oyandikana nalo. Chofunika ndi kutenga ndondomeko ya chaka chimenecho n'kuwerenga maphunziro a chaka ndi chaka, osati mutu wokha. Masamu asawathawe. Wa biochemistry amawerengetsa tsiku lililonse, ndipo amene amakonda biology chifukwa choti ndi yoloweza amadzavutika akakumana ndi organic chemistry m'chaka chachiwiri.

Chinthu chimene ndinachibwereza kawiri n'chakuti manja ndiwo amalembedwa ntchito. Olemba anthu mu labu amafunsa kuti, unayamba wachitapo PCR, njira yochulukitsira DNA kuti iyezedwe? Umatha kusakaniza mankhwala oyezera wekha? Ukudziwa kusunga kope la mu labu loti wina angalitsatire iwe kulibe? M'makalasi athu ophunzira amachuluka, zipangizo n'zochepa, moti munthu angathe kumaliza zaka zinayi atangoonerera ena akugwira. Choncho tchuthi chilichonse ndi chogogoda pa zitseko, kupempha malo ngakhale osalipidwa, ngakhale kukhale kutsuka mabotolo. Wotsuka mabotolo mosamala ndi amene mawa amamukhulupirira ndi pipette. Pulojekiti ya chaka chomaliza aisankhe ngati kalata yofunsira ntchito, ndipo aphunzitsi amene akumuyang'anira awagwire bwino, chifukwa kalata yawo yomuchitira umboni ndi imene imatsegula sikolashipu.

Mtsikanayo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Amalume, ine odwala ndimawamvera chisoni, koma chimene chimandisowetsa tulo ndi kufuna kudziwa kuti mankhwala akalowa m'thupi amadziwa bwanji kopita." Ndinamuuza kuti funso limenelo ndi la anthu a phunziroli, ndipo ndinalonjeza kumufunira malo oti akaonerere ntchito ya mu labu kwa masabata awiri asanadzaze fomu, kuti akaone yekha ngati angapirire timachubu 96 tija.

Achemwali sanalankhulepo za maphunzirowo usiku umenewo. Atatola lichero lawo anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga zija timawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe tisanaswe, zimenezo n'zimene zimabweretsa chukucho?" Ndinati inde, chinyezi chimenecho ndicho chuku chimafuna. M'nyumbamo munali matumba asanu ndi limodzi osaswa, ndipo anati mawa aswa wouma, ngakhale zala zipweteke.